Mpanda wa Tchalitchi Ukhale Wotsika, Chipata Chake Chizitseguka



Sabata ino tilingalire za chinthu chimene ambiri amachidutsa Lamulungu lililonse osachiyang'ana kawiri: mpanda wozungulira bwalo la tchalitchi ndi manda, pamodzi ndi zipilala ziwiri zimene zimagwira chipata. Nkhani ya mpanda imabuka kawirikawiri m'misonkhano ya makomiti a tchalitchi m'mbali mwa nyanja muno, makamaka akuba akathyola kapena mnansi akasuntha malire. Ikangobuka, ganizo limene limafulumira kupambana ndi lakuti timange khoma lalitali la njerwa, pamwamba tiikepo mabotolo osweka kapena waya waminga, ndipo pachipata tiikepo chitseko chachitsulo chosaonetsa za m'kati. Ife tikuona mosiyana. Malo a Mulungu akufunikadi malire ooneka ndi olimba, koma mpanda wake ukhale wotsika, wamiyala ngati n'kotheka, ndipo chipata chake chizitseguka. Kumene kuli kale mpanda wakale kapena zipilala zakale, ntchito yathu ndi kuzisamala m'malo mozigwetsa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene malire ali ofunika. Malamulo a Mpingo wa Katolika, pa nambala 1205, amatchula mitundu iwiri ya malo oyera: malo opatulidwa kuti anthu azipembedzerapo Mulungu, ndi malo odalitsidwa kuti aziikapo akhristu omwalira. Choncho manda a akhristu ali m'gulu limodzi ndi tchalitchi. Nambala 1240 imalimbikitsa kuti kumene n'kotheka Mpingo ukhale ndi manda akeake, kapena chigawo chodalitsidwa m'manda a anthu onse. Tsono malo odalitsidwa amene sakudziwika poyambira ndi pothera pake ndi ovuta kuwalemekeza. Mbuzi sizidziwa kuti apa padawazidwa madzi oyera, ndipo wolima chimanga amene khasu lake limadya phazi limodzi chaka chilichonse sadzasiya yekha. Buku la Deuteronomo, pamutu 19 ndime 14, limaletsa kusuntha malire amene makolo adaika, chifukwa mikangano ya malire ndi yakale ngati ulimi womwe.

Makolo athu ankazidziwa izi amishonale asanafike. Manda a pamudzi ankakhala ndi msitu wake, ndipo mitengo ya kumanda inali yosadulidwa wamba. Munthu sankalowako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo adzukulu ndiwo ankadziwa malo a munthu aliyense. Msitu uja ndiwo udali mpanda, ulemu wa anthu ndiwo udali chitseko. Lero anthu achuluka m'mbali mwa nyanja, nkhuni zowambira nsomba ndi zootchera njerwa zikusowa, ndipo malo afika pokhala malonda chifukwa cha nyumba zogona alendo. Kumene mitengo yatha, pakufunika china choti chinene zimene mitengo inkanena. Mpanda wa manda ukungopitiriza ndi miyala mwambo umene makolo ankausunga ndi mitengo.

Kufupi ndi kwathu kuno kuli malo amene amationetsa mphamvu ya chizindikiro chokhalitsa. Ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe, ndi kumene mishoni ya Livingstonia idayambira. Mu Okutobala 1875 gulu la amishonale a ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young ndipo lili ndi dokotala wachinyamata Robert Laws, lidafika pa sitima ya Ilala yoyamba ija. Malungo ndi matenda ena sadawachitire chifundo. Mu 1877 adamwalira Dr William Black ndiponso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachinyamata amene adachokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa pamodzi ndi William Koyi. Mu 1880 adamwalira John Gunn ndi George Benzie. Pofika 1881, chaka chimene Albert Namalambe adabatizidwa kukhala mkhristu woyamba wa mishoniyo, likulu lidasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 lidakwera ku Khondowe. Nyumba zimene adamanga ku Cape Maclear zidatha kalekale. Chimene chidatsala, chimene alendo amakaona mpaka lero m'munsi mwa phiri, ndi manda aja. Adatsala chifukwa adaikidwa zizindikiro zosaola ndipo anthu adapitiriza kuwasamala. Awa sadali Akatolika, koma ndi abale athu mu ubatizo, ndipo manda awo akutiphunzitsa kuti malo olembedwa pamwala amapirira zaka zimene denga ndi zipupa sizipirira.

Mbiri ya Mpingo wathu ili ndi phunziro lofanana nalo, ngakhale idayenda njira ina. Ansembe Achikatolika oyamba kufika m'dziko muno adali a chipani cha White Fathers, amene adafika kwa Mfumu Mponda, pafupi ndi pamene pali tauni ya Mangochi lero, mu Disembala 1889. Adakhalako pafupifupi chaka chimodzi ndi theka, nachoka mu Juni 1891, asanamange zokhalitsa. Zambiri zimene tikudziwa za masiku awo tikuzidziwa chifukwa ankalemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, limene lidasungika. Mpingo udadzazika mizu pamene ansembe a Montfort adatsegula mishoni ya Nzama mu 1901 ndi pamene a White Fathers adafika ku Mua mu 1902. Ku Cape Maclear mwala ndiwo udasunga chikumbutso, kwa Mponda cholembera ndicho chidasunga. Parishi imene ilibe malire ooneka ndiponso ilibe zolemba imataya zonse ziwiri m'mibadwo iwiri yokha.

Tagwirizana tsono kuti mpanda ndi wofunika. Funso lotsala ndi lakuti ukhale wotani. Dera lathu lidaonapo mipanda ya mtundu wina. M'masiku a malonda a akapolo midzi yambiri inkazunguliridwa ndi linga, ndipo atsamunda atabwera adamanga malinga awo: Fort Johnston mu 1891, kenaka Fort Mangochi pamwamba pa phiri cha ku Namwera, atagonjetsa Mfumu Jalasi mu 1895. Makoma a miyala a Fort Mangochi akadalipo, okhuthala bwino, koma m'kati mwake mulibe anthu. Linga limamangidwa ndi mantha, ndipo mantha aja akatha linga limasanduka bwinja. Limauza aliyense wakunja kuti ndi mdani mpaka atatsimikiza kuti si mdani. Tikamanga khoma la mamita atatu ndi waya waminga kuzungulira nyumba ya Mulungu, mawu amene khomalo lidzalankhule kwa odutsa mumsewu ndi omwewo, ngakhale ife m'kati tikuimba za chikondi.

Tisaiwale kumene tili. Anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, ndipo m'mabanja ambiri muli a zipembedzo ziwiri kapena zitatu. Maliro akachitika timakhalira limodzi, kukumba limodzi ndi kulira limodzi. Kwa anansi athu ambiri, chimene amadziwa za Mpingo wa Katolika ndi chimene amaona akamadutsa: ana akuphunzira katekisimu pansi pa mtengo, kwaya ikukonzekera, amayi akusesa, mdipiti wa Lamulungu la Kanjedza ukuzungulira bwalo. Umenewo ndi ulaliki wopanda chimkuzamawu. Khoma lalitali limaufafaniza tsiku limodzi. Msodzi amene wachoka ku nyanja ndi mtima wolemera akhoza kulowa pabwalo loonekera n'kukakhala pa benchi lakumbuyo, koma sangagogode pa chitseko chachitsulo kuti mlonda amufunse chimene akufuna.

Pali chitsanzo chabwino chochokera kwawo kwa amene adatibweretsera chikhulupiriro. Louis-Marie Grignion de Montfort Woyera, amene ana ake auzimu adatumikira Dayosizi ya Mangochi kuyambira pa chiyambi chake, ndipo Episkopi wathu woyamba, Ambuye Alessandro Assolari, adali mmodzi wa iwo, adabadwa mu 1673 ku Brittany, m'dziko la France. M'chigawo chimenecho, m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, akhristu a m'midzi monga Guimiliau, Saint-Thégonnec ndi Pleyben adamanga mabwalo a parishi amene alendo amakaona mpaka pano. M'kati mwa mpanda wamiyala muli tchalitchi, mtanda waukulu wosemedwa, ndi malo a akufa. Mpandawo ndi wotsika, moti woyenda mumsewu amaona zonse. Chipata chachikulu chili ndi zipilala zokongola, ndipo ndi pamene pankalowera maliro, maukwati ndi midipiti. M'mbali mwake adasiya timipata ta anthu oyenda pansi, ndipo pa kampata kalikonse adaimika mwala wathyathyathya wofika cha m'mawondo. Munthu amangoudumpha, koma nkhumba kapena ng'ombe siingathe. Nzeru yake ndi yapafupi: mpanda utsekereze ziweto, ulozere malire, koma munthu alowe nthawi iliyonse.

Montfort yemweyo ankakhulupirira kuti ntchito ya miyala imamanganso anthu. Mu 1709 ndi 1710 adasonkhanitsa anthu wamba ambirimbiri kuti amange phiri la Kalvare ku Pontchâteau, akugwira ntchito mwaulere. Akuluakulu a boma adalamula kuti ligwetsedwe lisanadalitsidwe, koma mibadwo yotsatira idalimanganso, ndipo lero ndi malo a maulendo oyera. Chimene anthu adachimanga ndi manja awo sachiiwala msanga.

Komabe kutsika kokha sikukwanira. M'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu mudali kampanda kamiyala kotsika kolekanitsa bwalo la anthu a mitundu ina ndi mabwalo a m'kati, ndipo padali miyala yolembedwa yochenjeza kuti mlendo wodutsa pamenepo aphedwa. Umodzi mwa miyala imeneyi udapezeka mu 1871 ndipo ukusungidwa ku Istanbul. Akatswiri ambiri a Malembo Oyera amaganiza kuti Paulo Woyera ankakumbukira kampanda kameneka pamene ankalembera Aefeso, pamutu 2, za khoma la udani limene Khristu adagwetsa. Choncho mpanda wotsika ungathenso kukhala wankhanza ngati pachipata pali mtima wosankha. Ngati wovala nsanza akubwezedwa, ngati mtsikana amene watenga pathupi akuuzidwa ndi maso athu kuti asayandikire, ndiye kuti tamanga linga lopanda njerwa. Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 1186, amaphunzitsa kuti kudutsa pakhomo la tchalitchi ndi chizindikiro cha kuchoka m'dziko lovulazidwa ndi tchimo kulowa m'moyo watsopano umene anthu onse aitanidwako. Ndipo pa Yohane mutu 10 Ambuye adadzitcha okha khomo la nkhosa. Zipilala ziwiri za pachipata ntchito yake ndi kuuza munthu ali patali kuti polowera ndi apa.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mukuti: zonsezi ndi zabwino, nanga akuba? Funsoli ndi loona ndipo sitingalipeputse. Matchalitchi amabedwa zimkuzamawu, mabatire, magetsi a dzuwa, mipando, ngakhale ziwiya za pa guwa, ndipo zinthu zimenezi zidagulidwa ndi chopereka cha anthu osauka. Yankho lathu ndi lakuti chitetezo chiikidwe pamene pali chinthu chobedwa. Malamulo a Mpingo, pa nambala 938, amalamula kuti tabernakulo ikhale yosasunthika, yolimba ndi yokhomedwa, ndipo nambala 1220 imafuna kuti katundu woyera ndi wamtengo wapatali atetezedwe moyenera. Zimenezi zikutanthauza chitseko cholimba cha sakristiya, zitsulo za m'mawindo, loko wabwino, kaundula wa katundu, ndi kudziwa amene akusunga makiyi. Ndalama zake ndi zochepa poyerekeza ndi khoma lalitali lozungulira malo onse. Tiganizirenso ichi: wakuba akadumpha khoma lalitali amagwira ntchito yake mosaonedwa ndi aliyense, pamene pabwalo loonekera maso a anansi onse ndi alonda. Mnansi amene timamulola kudutsa popita kukatunga madzi ndiye adzakuwe usiku akaona mthunzi wachilendo.

Ena akuti ndalama za mpanda zikadathandiza amasiye ndi odwala. Nawonso ali ndi mfundo, ndipo ndi chifukwa china chokanira khoma lalitali, limene limadya matumba a simenti osawerengeka ndi njerwa zimene zimatha mitengo. Mpanda wotsika wamiyala umafuna manja ochuluka kuposa ndalama. Kumene miyala kulibe, mzere wa khonje kapena nkhadze pamodzi ndi zipilala zolimba m'ngodya zonse umagwira ntchito, bola tikumbukire kuti utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso mwa ana. Koma kusiya malire osadziwika n'komwe kumadula kwambiri, chifukwa mlandu wa malo umadya zaka, ndalama ndi ubale. Nambala 1284 ya Malamulo a Mpingo imalamula osunga chuma cha Mpingo kuonetsetsa kuti umwini wa katundu watetezedwa m'njira zovomerezeka ndi malamulo a dziko. Malamulo a za malo m'Malawi adasintha mu 2016, choncho komiti iliyonse, mogwirizana ndi Bambo Mfumu, mafumu ndi ofesi ya dayosizi, idziwe ngati malo a tchalitchi chake ali ndi mapepala. Mpanda womangidwa popanda kugwirizana ndi anansi pamaso pa mfumu ndi chiyambi cha mkangano.

Tsopano tinene za ntchito yeniyeni, pakuti achinyamata ambiri a kuno amadziwa kugwira chipande cha mmisiri. Mpanda wakale kawirikawiri sugwa chifukwa cha ukalamba. Umagwa chifukwa cha madzi, mizu ndi manja a anthu. Monkey Bay ili m'munsi mwa mapiri, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika mwamphamvu. Khoma lopanda timabowo totulutsira madzi m'munsi mwake limasanduka damu, kenaka limagwa. Timabowo timeneti tizitsegulidwa mvula isanayambe. Mbewu za kachere ndi mkuyu zimene mbalame zimagwetsa m'ming'alu zizulidwe zikadali zazing'ono, chifukwa muzu ukakula umang'amba mwala. Mwala umodzi ukagwa ubwezeretsedwe sabata yomweyo, usanapite kukakhala fuwa kapena nangula wa bwato, pakuti mpata wa mwala umodzi umaitana wachiwiri. Khoma limene lidamangidwa ndi dothi kapena laimu lisamatidwe ndi simenti yolimba, chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'kati ndipo khoma limafumbwa mosaoneka. Zipilala zakale zisapachikidwe chitseko cholemera kuposa chimene zidamangidwira, ndipo zitsulo zolowa m'mwala zizipakidwa utoto, chifukwa dzimbiri limatupa n'kuswa mwala. Ngati pali chaka kapena dzina lolembedwa pa chipilala kapena pa chiliza, lisakwiriridwe ndi laimu pokonzekera kubwera kwa Ambuye Episkopi.

Pomanga watsopano, maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, m'munsi mukhale motambalala kuposa pamwamba, miyala yaitali igonekedwe mopingasa kuti imange mbali ziwiri, ndipo msinkhu usapitirire pachifuwa pa munthu wamkulu. Miyala itengedwe m'malo ololedwa okha. Mapiri ambiri otizungulira ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Sitingamange nyumba ya Mlengi pogumula chilengedwe chake.

Kagawidwe ka ntchito tikapeza pa Nehemiya mutu 3, pamene mabanja ndi magulu adapatsidwa chigawo chawochawo cha linga la Yerusalemu, ambiri moyang'anana ndi nyumba zawo, ndipo mutu 6 ukutiuza kuti ntchito idatha m'masiku 52. Lija lidali linga la nkhondo, ndipo ife sitikumanga lotero, koma njira yake ndi yothandiza. Mphakati uliwonse ukhale ndi chigawo chake cha malire, kwaya chake, otumikira pa guwa chawo. Mutu umodzi susenza denga. Pamene chinthu chili cha onse popanda dzina la wina aliyense, palibe amene amachizulira udzu.

Ntchito ina imene ikuyenera achinyamata kuposa wina aliyense ndi yolemba. Ambiri muli ndi mafoni ojambula. Jambulani ngodya zonse za malo a tchalitchi chanu, zipilala, mitanda ndi ziliza. Khalani pansi ndi agogo amene adaona tchalitchi chikumangidwa, muwafunse kuti malo adapereka ndi mfumu iti, malire ankadutsa pa mtengo uti, adasenza miyala ndani, ndipo wagona pamanda opanda dzina aja ndani. Zimenezi zilembedwe m'buku, lina likhale ku tchalitchi, lina ku ofesi ya parishi. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera okhawo amene wina adawasunga. Pa Yoswa mutu 4, Aisraele adaimika miyala 12 atawoloka Yordani kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzakhale ndi poyambira kufotokoza. Mwala umadzutsa funso, koma woyankha ayenera kupezeka.

Pempho lathu sabata ino ndi ili. Mukatuluka Misa Lamulungu likubwerali, yendani malire onse a tchalitchi chanu ndi manda ake, muli awiri kapena atatu, pamodzi ndi mkulu mmodzi wodziwa mbiri. Onani pamene pagwa, pamene pamera mtengo, pamene malire sakudziwikanso, ndipo mukapereke zimene mwapeza ku komiti. Tigwirizane kuti pofika pa 2 Novembala, tsiku lopempherera akhristu onse omwalira, pamene ansembe adzabwere kudzadalitsa manda, adzapeze malire odziwika, miyala yobwezeretsedwa, ndi buku loyambidwa. Ndipo nkhani ya khoma lalitali ikadzafika mu msonkhano, achinyamata mudzaimirire mwaulemu n'kufunsa kuti khomalo lidzatsekera ndani kunja.

Ambuye Yesu, amene ali khomo la nkhosa, atisunge ife amoyo, ndipo abale athu amene agona m'manda a m'mbali mwa nyanja ino awapatse mpumulo wosatha. Amen.